Imfa ya Wosunga Buku la Mibadwo

Mtembo unapezeka pa tsiku lachinayi la mwezi wachinayi, ng'oma ya ora la Chinjoka itangolira, dzuwa lili pamwamba pa madenga. Unali m'munda wa nyumba yosiyidwa ku Msewu Wachisanu ndi Chiwiri, kumadzulo kwa likulu, kumene dambo linayamba kale kumeza mipanda. Anauona ndi mayi wina amene ankathyola ndiwo za m'madzi.

Nakahara no Sueyuki, amene anali atafufuza milandu ya m'likulu kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, anafika ndi mnzake wa pantchito, Hata no Kunimaro, bambo wonenepa wa imvi m'ndevu. Onse anaimirira. Wokhala pansi pamalo pamene pali mtembo amadetsedwa masiku makumi atatu, osalowa kunyumba yachifumu, osayandikira kachisi. Amene anaugwira ndi amuna awiri, akaidi akale, amene apolisi ankawasunga chifukwa cha ntchito zotere.

"Mutembenuzeni. Pang'onopang'ono, si thumba la mpunga limenelo," anatero Sueyuki.

Womwalirayo anali munthu wachikulire, wowonda, zala zakuda ndi inki. Pakhosi panali mzere wopyapyala wozungulira.

"Chingwe cha silika," anatero Sueyuki. "Wakhala pano masiku awiri. Taona nsapato zake, Kunimaro."

"Zoyera ngati za mkwatibwi."

"M'matope onsewa? Sanabwere ndi miyendo yake. Pachipata pali mikwasa ya ngolo."

"Akuba, bwana?"

"Akuba a mumzinda uno angasiye mkanjo wobiriwira wabwino chonchi? Amavula munthu akupumabe."

Kunimaro anawerama pang'ono, kenaka anadzidzimuka.

"Ndikuwadziwa awa! Ki no Fumitsugu, mlembi wosunga buku la mibadwo ya banja lachifumu. Munthu woti ngakhale ntchentche ankaipempha kuti ichoke papepala."

Mzinda wonse unkadziwa kuti Mfumu Yaikulu inali chigonere kuyambira nyengo yozizira, ndi kuti nduna zidzakumana pa tsiku lakhumi kusankha wolowa ufumu pakati pa ana ake aamuna awiri. Mayi wa Kalonga Wamkulu anali wa banja la Tachibana, banja lakale koma losauka. Mayi wa Kalonga Wamng'ono anali wa magazi achifumu, ndipo a mbali yake ankalalikira zimenezo pamphambano iliyonse. Tsopano munthu amene anayenera kuwerenga mibadwo ya amayi awiriwo pamaso pa nduna anali chagada m'matope, achule akulira pambali pake.

Pa ora la Hatchi, dzuwa lili paliwombo, anafika kunyumba ya malemuyo ku Msewu Wachisanu. Mkazi wake analankhula ali kuseri kwa chotchinga cha nsungwi, iwo ataima pabwalo.

"Anachoka liti, mayi?"

"Pa tsiku lachiwiri, masana ngati ano. Anavala mkanjo wake wabwino, nanyamula mpukutu wokulunga m'nsalu."

"Mpukutu sitinaupeze. Anati akupita kuti?"

"Sananene. Anangoti, 'Munthu wamkulu akalakwa, umam'patsa mpata woti adzikonze yekha.' Ine ndinati, bambo, inu ndi ndani woti mupatse anthu akuluakulu mpata? Denga lathu likudontha chaka chachitatu! Anaseka."

"Masiku apitawa anachita chachilendo?"

"Anapita kuphiri, kwa amonke, ansembe a kumeneko, kukakopera maina a akufa. Atabwerako sanadye."

"Anakangana ndi wina?"

Mayiyo anazengereza.

"Bwana Morotane anabwera pa tsiku loyamba. Anakuwa mpaka anthu oyandikana nafe anatuluka."

Tachibana no Morotane anali mchimwene wa mayi wa Kalonga Wamkulu. Sueyuki asanabwerere n'komwe ku ofesi, mkulu wa apolisi anali atamva kale za mkanganowo, natumiza anthu kukam'manga.

Sueyuki anam'funsa pa ora la Nyani, chakumadzulo, m'chipinda cha kumbuyo kwa ndende. Morotane anali mphunzitsi wa zolemba zakale, wa chifuwa chosatha, manja ngati timitengo.

"Munakuwiranji kunyumba ya Fumitsugu?"

"Ndinam'pempha andionetse zimene adzawerenge pamaso pa nduna. Anakana."

"Munati chiyani?"

"Ndinati ndi galu wa olemera." Anatsokomola nthawi yaitali. "Ndinalakwa. Anali galu wa buku lake basi."

"Pa tsiku lachiwiri masana munali kuti?"

"Kunyumba, ndikuwerenga. Ndekha. Wantchito wanga anathawa mwezi watha."

"Ngolo muli nayo?"

Morotane anaseka mpaka misozi.

"Ng'ombe yanga inafa chaka chomwe mlongo wanga analowa kunyumba yachifumu. Ngoloyo nkhuku zikuikiramo mazira. Pitani mukaone, koma musaziopseze."

Sueyuki anapita kwa mkulu wa apolisi, nduna yachinyamata yonunkhira zofukiza, imene sinaonepo mtembo chibadwire.

"Bwana, munthu uyu sangathe kunyamula mphika wa madzi, ndiye anyamule mtembo?"

"Analemba anthu ganyu."

"Ndi chiyani? Ndi mazira?"

"Samala pakamwa, Sueyuki. Mboni zinamva chiopsezo. Lero alandira ndodo makumi atatu. Akapanda kuvomera, pa tsiku lachisanu ndi chitatu, ora la Nyani, alandira zina makumi asanu ndi limodzi. Nkhaniyi ithe nduna zisanakumane."

"Zachiwirizo sadzuka nazo."

"Ndiye avomere."

Sueyuki anatuluka makutu akutentha. Zinali zoonekeratu. Morotane akavomera, adzaponyedwa kuchilumba, ndipo mwana wa mlongo wake, mwana wa banja la wakupha, adzametedwa mpala n'kuperekedwa kwa amonke. Akakana, adzafa ndi ndodo, ndipo adzati anafa ndi mlandu wake. Kulira kwa Morotane kunamveka mpaka pamsewu madzulo amenewo. Sanavomere.

M'mawa wa tsiku lachisanu anapita kwa mkulu wa pantchito wa malemuyo, Bwana Akikaze, woyang'anira ofesi ya mibadwo, amenenso anali bambo wa mayi wa Kalonga Wamng'ono. Nyumba yake inatenga chigawo chathunthu ku Msewu Wachiwiri. Pachipata panapachikidwa kathabwa kosonyeza kuti m'nyumbamo muli chidetso, monga zimachitikira pa zipata zambiri mlungu uliwonse. Anawaimika m'munda. Akikaze, munthu wamtali wa mawu ofewa, anawalankhula ali pakhonde.

"Pepani, sindingakukhazikeni pansi. Mwaona kathabwako."

"Fumitsugu munamuona liti komaliza, bwana?"

"Ku ofesi, pa tsiku loyamba. Wantchito wokhulupirika. Mtima wanga wasweka."

"Mpukutu umene ananyamula mukuudziwa?"

"Alembi amanyamula mipukutu, akulu. Ndiyo ntchito yawo. Buku lenilenilo lili m'bokosi lake, ndalitseka ndekha. Pa tsiku lakhumi adzaliwerenga mlembi wina." Anapukusa mutu. "Morotane wosaukayo. Njala ya ulemerero imachititsa zoopsa."

Masiku awiri otsatira anathera pa mikwasa ya ngolo. Anayeza mpata wa mawilo ndi chingwe, nayenda nacho kwa amisiri onse a ku msika wa kummawa. Ngolo makumi anayi zinali za muyezo womwewo. Anagwira woyendetsa ngolo wina amene anaoneka kumadzulo pa tsiku lachiwiri, koma zinapezeka kuti ankapita kwa mkazi wa mwini wake wa ngoloyo, ndipo anapempha kuti am'tsekere m'ndende kusiyana n'kumubweza kwa bwana wake. Anamumasula.

Pa tsiku lachisanu ndi chitatu, ora la Chinjoka, anali pakhonde la ofesi, akudya mpunga wozizira ndi nsomba youma. Kunimaro ankadandaula za kunyumba.

"Mkazi wanga sakundilankhula, bwana. Ngati kuti galuyo ndinamupha ndine."

"Galu wanji?"

"Wa Bwana Akikaze. Mayi a kwathu aja anasoka mikanjo khumi ndi iwiri ya anthu operekeza bwanayo ku chikondwerero cha ku kachisi wa Kamo. Chaka chino bwanayo ndiye anasankhidwa kunyamula nsembe za Mfumu. Zaka zisanu ndi ziwiri akuupempha ulemu umenewo! Kenaka galu wakufera pansi pa nyumba yake, bwana alemba kalata, akuti sankhani wina. Mikanjo ili mulu pakona, ine ndikugona pafupi ndi chitseko."

Sueyuki anaika mbale pansi.

"Chikondwerero chili liti?"

"Pa tsiku la makumi awiri ndi limodzi. Ngakhale mwana akudziwa."

"Galu akafera panyumba, chidetso ndi masiku angati?"

"Asanu."

"Nanga munthu?"

Kunimaro anasiya kutafuna.

"Makumi atatu," ananong'ona.

Anathamangira ku ofesi ya za milungu. Wansembe wokalamba amene ankasunga makalata anawatulutsira kalatayo akung'ung'udza. Inalembedwa ndi dzanja la Akikaze, m'mawa wa tsiku lachitatu. Pa nthawi imeneyo mtembo unali usanapezeke, ndipo mkazi wa Fumitsugu anali akuganizabe kuti mwamuna wake wagona ku ofesi.

"Tinam'bwezera yankho kuti, bwana, masiku asanu atha chikondwerero chili kutali," anatero wansembeyo. "Sanayankhe. Tsopano nduna zitatu zikulimbirana malowo, ine mutu ukuwawa."

"Masiku asanuwo atha lero," anatero Sueyuki. "Mwambo umati wonyamula nsembe alandire bokosi la nsalu zoyera n'kulisunga kwake, si choncho? Ndipatseni ndikam'patse. Akalandira, mutu wanu wapola."

"Inu apolisi ndinu oyera?"

"Ndinaimirira, agogo. Anthu khumi anaona."

Analowa pachipata cha Akikaze pa ora la Nkhosa, dzuwa litapendeka. Kathabwa kanali pomwepo. Kunimaro anatsalira kumbuyo pang'ono, nafunsa mlonda wa pachipata kumene anakwirira galuyo.

"Galu?" anatero mlondayo. "Muno muli amphaka a mayi, galu salowa. Ife tinangouzidwa kupachika kathabwa, n'kutentha mphasa za m'ngolo."

Akikaze anatuluka pakhonde, nkhope itachita mdima.

"Mwabweranso? Ndamva kuti wakuphayo muli naye kale."

"Tabwera ndi uthenga wabwino, bwana. Masiku a galu wanu atha. A ku ofesi ya za milungu akuti ulemu uja ndi wanu ndithu." Sueyuki anavundukula bokosi la mtengo woyera, nalikweza ndi manja awiri, nayamba kuyenda kupita kukhonde. "Landirani nsembe za Mfumu."

"Imani pomwepo."

"N'zopepuka, bwana. Nsalu chabe."

"Ndati imani! Ndinalemba kuti asankhe wina."

"Chifukwa cha galu. Anali wa mtundu wanji?"

"Woyera. Wakuda. Kodi ine ndimayang'ana agalu?"

Sueyuki anaponda sitepe yoyamba. Akikaze anabwerera chammbuyo mpaka msana unagunda chipilala, manja atawabisa m'mikono ya mkanjo wake.

"Musalilowetse muno! Mwapenga? Mukufuna milungu ikanthe Mfumu ili chidwalire? Mukufuna ikanthe mdzukulu wanga?"

"Ikanthe chifukwa chiyani, bwana? Nyumbayi ndi yoyera kuyambira m'mawa uno."

Anaponda sitepe yachiwiri.

"Si yoyera!" anakuwa Akikaze. "Tulutsani! Munthu anafera muno! Anafera pamphasa iyo!"

Sueyuki anabwerera pansi, natseka bokosi, nalipereka kwa Kunimaro kuti akaliike kunja kwa chipata. Kenaka anatembenukira kwa Akikaze.

"Tiuzeni zonse. Mofulumira. Pali munthu amene akuyembekeza ndodo pa ora la Nyani."

Akikaze anakhala pansi pakhondepo.

"Mukudziwa lamulo. Magazi achifumu amathera pa m'badwo wachinayi. Wachisanu ndi munthu wamba."

"Ndikudziwa."

"Mwana wanga wamkazi ndi wachisanu. Kusiyana kwake ndi dzina limodzi lokha! Agogo anga anamwalira ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, atangobereka bambo anga. Sanakhalepo ndi udindo, palibe wamoyo amene anawaona. Nditalandira ofesi ija zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, ndinapala dzina lawo ndi mpeni, n'kulumikiza mzere. Bambo anga anakwera m'badwo umodzi, ine ndinakwera, mwana wanga anakhala wachinayi. Ndipo analowa kunyumba yachifumu monga wa magazi."

"Munapala agogo anu enieni."

"Munthu wakufa amataya chiyani? Ine ndinabadwira m'nyumba imene nkhandwe zinkagona m'khitchini. Mbadwa ya Mfumu, kudya phala la mapira! A Tachibana aja akuposa ife ndi chiyani?"

"Fumitsugu anadziwa bwanji?"

"Anaunika pepala padzuwa, naona kuti pamalo amodzi n'popyapyala. Ndani amaunika buku padzuwa? Kenaka anakwera phiri. Amonke amapempherera agogo anga chaka chilichonse, dzina lili pa thabwa lawo. Anabwera nalo atalikopera, nakhala apo, nandiuza mwaulemu kuti ndikaulule ndekha tsiku lakhumi lisanafike. Ndinamulonjeza chigawo chonse choti akalamulire. Ndinamulonjeza nyumba. Anati, 'Bwana, ine ndingowerenga zimene zinalembedwa.' Anawerama kuti atsanzike. Chingwe cha chotchinga chinali pafupi ndi dzanja langa." Anayang'ana zikhatho zake. "Woyendetsa ngolo wanga anakamutaya kumadzulo kutada. Mpukutu ndinautentha."

"Ndipo m'mawa mwake munalemba za galu."

"Ndikanatani? Ndikanyamule nsembe za Mfumu ndi manja awa? Ine si munthu wosaopa milungu, akulu. Moyo wanga wonse sindinaphonyepo mwambo ngakhale umodzi. Mdzukulu wanga anafuna kubwera kudzaona maluwa, ndinakana. Palibe amene ndam'khazika pansi muno. Ndasamala kuti chidetso chisafike kwa aliyense."

Sueyuki anayandikira khonde mpaka chifuwa chinakhudza thabwa.

"Mwasamala? Munapotokola khosi la nkhalamba imene inabwera kudzakuchitirani chifundo. Munaitaya kwa achule. Masiku anayi apitawa munthu wodwala chifuwa wasendedwa msana chifukwa cha inu, ndipo inu munaima pakhonde pomwepa kumumvera chisoni. Koma nsalu zoyera, ayi, zimenezo simungazidetse! Mumawerenga masiku a galu ndi masiku a munthu, koma simunaone kusiyana kwina kulikonse pakati pawo."

"Simungandimange popanda chilolezo cha kunyumba yachifumu. Ndine nduna ya udindo wachinayi."

"Sindikukumangani. Ndikufuna dzanja lanu papepala. Kunimaro, inki."

"Ndikakana?"

"Bokosi lija lili pachipata. Ndikalitenga, ndilowa nalo, ndiliika pamphasa imene Fumitsugu anaferapo. Kenaka mudikire zimene milungu ichite ndi mdzukulu wanu."

Akikaze anamuyang'anitsitsa, naona kuti munthuyu achitadi. Anatambasula dzanja. Atapatsidwa pepala la apolisi, lotuwa ndi lokhakhala, analitembenuza monyansidwa.

"Palibe pepala labwinopo?"

"Lembani."

Analemba mizere isanu ndi iwiri, ndi zilembo zokongola zimene Sueyuki anali asanaonepo. Anasaina.

"Mwana wanga sankadziwa kanthu," anatero motsitsa mawu. "Ngakhale mwanayo."

"Zimenezo mukauze nduna. Ndipo onjezani mzere umodzi. Dzina la agogo anu."

Cholembera chinaima m'mwamba nthawi yaitali. Kenaka analilemba, ndipo misozi inayamba pamenepo, osati pa dzina la Fumitsugu.

Sueyuki sanadikire kuti inki iume. Anakwera hatchi ya mlonda, nathamanga kutsika msewu waukulu pepala lili m'mwamba ngati mbendera, anthu akuthawira m'ngalande. Ng'oma ya ora la Nyani inalira ali pachipata cha ndende. M'bwalo, Morotane anali atamangidwa kale pamtengo chafufumimba, womenya akunyowetsa ndodo, mkulu wa apolisi atakhala pamthunzi ndi chokupizira.

Sueyuki anaika pepala pamwendo pa mkuluyo. Iye anawerenga kamodzi, nawerenganso, nkhope ikuyera.

"Izi... izi zifunika kuganiziridwa bwino. Bwana Akikaze ndi munthu wamkulu. Mwina adzangotumizidwa kuchigawo chakutali, mwakachetechete."

"Ganizirani mmene mungafunire, bwana. Wansembe wa ku ofesi ya za milungu akudziwa, mlonda wa pachipata akudziwa, ndipo pofika madzulo mkazi wa Kunimaro adzakhala atadziwa, kutanthauza mzinda wonse. Mmasuleni munthuyu."

Mkuluyo anakweza chokupizira, ndipo zingwe zinadulidwa. Morotane sanathe kuimirira. Sueyuki anam'gwira m'khwapa, mabala akale akutuluka magazi pa mkanjo wake.

"Anamupha ndani?" anafunsa Morotane.

Sueyuki anamuuza, ndi chifukwa chake. Mphunzitsiyo anatseka maso.

"Ndiye nkhalamba ija inafera mwana wa mlongo wanga."

"Ayi. Dzinalo likanapalidwa ku mbali yanu, akanabweranso kwa inu ndi mkanjo wake wabwino."

Morotane anapuma movutika.

"Ndinamutcha galu pamaso pa mkazi wake," anatero. "Musanditengere kwathu. Ndinyamuleni mundipititse ku Msewu Wachisanu. Ndikagwade pabwalo la mayi aja."